Mafayilo Akamayenda Ngati Bilimankhwe

Makomo ambiri m'mizinda ndi m'maboma masiku ano ali ndi kabokosi kophethira timagetsi kamene kamatchedwa rauta. Kabokosi kameneka ndiko kamalumikiza makompyuta, mafoni ndi wailesi zakanema za m'nyumba imodzi kuti zizitumizirana zithunzi, nyimbo, makanema ndi makalata, zimene zonse pamodzi zimatchedwa mafayilo. Mgwirizano wa zipangizo woterewu ndiwo netiweki ya pakhomo. Imathandiza mphunzitsi wosunga mayeso a ana asukulu, wojambula maukwati ndi zinkhoswe, mlembi wa kabungwe ka alimi, ngakhalenso banja longofuna kusunga zithunzi za ana pamalo abwino.

Koma pali dandaulo limodzi limene limamveka kawirikawiri: fayilo imene ikadasamuka m'mphindi zitatu imatha ola lathunthu ikuyenda ngati bilimankhwe. Wojambula amene walonjeza kupereka kanema wa ukwati madzulo amataya mbiri yake ndi makasitomala omwe chifukwa cha kuchedwa kotere, ndipo magetsi akazima ntchito ili pakati, fayilo yonse imayambiranso. Ambiri akaona zotere amathamangira kudzudzula kampani ya intaneti, ena amagula bandulo yaikulu, ena amakagula rauta yatsopano ya ndalama zambiri, koma pobwera amapeza bilimankhwe uja akadali panjira.

Zoona zake n'zakuti fayilo imadutsa malo angapo paulendo wake, ndipo liwiro la ulendo wonse limalamulidwa ndi malo amodzi okha, ochedwa kuposa ena onse. Malo amenewo amapezeka mwa kuyeza, ndipo nambala yopezeka poyezapo nthawi zambiri imaulula yokha pamene pali vuto. Motero munthu asadatulutse ndalama m'thumba ayenera kuyamba wayeza.

Intaneti ndi ina, netiweki ya pakhomo ndi ina

Choyamba choyenera kumvetsa n'chakuti rauta ili ndi makomo a mitundu iwiri. Khomo lina limayang'ana kunja, ku kampani yogulitsa intaneti. Makomo ena amayang'ana m'kati, ku zipangizo za pabanjapo. Fayilo yochoka pa laputopu imene ili pabalaza kupita pa kompyuta ya kuchipinda siyenera kutuluka m'nyumba n'komwe. Imalowa mu rauta ndi kutulukira mbali ina, ndipo ikhoza kuyenda bwinobwino ngakhale bandulo itatha dzulo. Chotero kuwonjezera bandulo sikungaifulumizitse, ndiponso masamba a pa intaneti oyezera liwiro sanena kanthu za ulendo umenewu, pakuti iwo amayeza msewu wa kunja.

Komabe pali msampha umene ambiri amakodwa nawo. Pofuna kupereka fayilo kwa kompyuta ya m'nyumba momwemo, amaitumiza kudzera pa WhatsApp, pa imelo kapena pa Google Drive. Potero fayilo imayamba yapita ku makompyuta aakulu a makampani amenewa, amene kawirikawiri ali kutali m'maiko ena, kenaka n'kubwereranso, ndipo bandulo imadyedwa kawiri, popita ndi pobwera. Kuwonjezera apo, pa mizere yambiri ya intaneti liwiro lotumizira limakhala lochepa kuposa lolandirira. Zikufanana ndi munthu wokaponya kalata ku positi ya kuboma pomwe woilandira ndi mnansi wogundana naye mpanda. Kuyesa kwake n'kwapafupi: mwini nyumba achotse chingwe cha intaneti pa rauta fayilo ili m'kati moyenda. Ikaima, ndiye kuti imazungulira kunja. Mankhwala ake ndi kugwiritsa ntchito njira yogawana mafoda imene ili kale m'kompyuta, kapena mapulogalamu monga Quick Share ndi AirDrop, amene amalumikiza mwachindunji zipangizo zoyandikana.

Biti ndi bayiti

Chachiwiri ndi miyeso, pakuti madandaulo ena amabadwa chifukwa cha kusokoneza miyeso iwiri yofanana maina. Kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga wa pa kompyuta kamatchedwa biti, ndipo mabiti 8 amapanga bayiti imodzi. Opanga marauta amalemba liwiro m'mamegabiti pa sekondi, mwachidule Mbps, ndi b wamng'ono. Koma kawindo koonetsa kusamuka kwa fayilo kamalemba mamegabayiti pa sekondi, MB/s, ndi B wamkulu. Kuti munthu achoke ku muyeso woyamba kupita ku wachiwiri ayenera kugawa ndi 8.

Motero msewu wa 100 Mbps sungapitirire 12.5 MB/s, ndipo poti gawo lina limadyedwa ndi maadiresi ndi zizindikiro zoperekeza uthenga, chimene chimaoneka ndi 11 MB/s kapena kupitirira pang'ono. Msewu wa gigabiti, ndiko kuti 1,000 Mbps, umapereka pakati pa 110 ndi 118 MB/s. Munthu woona 110 pa kawindo pomwe pa bokosi padalembedwa 1,000 sadaberedwe ayi. Walandira zonse zimene adagula.

Kusiyana kwa nambalazi kumamveka bwino pa kanema wa ukwati wa magigabayiti 20. Pa 110 MB/s amasamuka m'mphindi 3. Pa 11 MB/s amatenga theka la ola. Pa 5 MB/s amapitirira ola limodzi, ndipo pa Bluetooth, imene sifika ngakhale theka la megabayiti pa sekondi, amatha pafupifupi usana ndi usiku.

Ulendo wa fayilo

Mlimi wotuta chimanga kuchokera kumunda kupita kunkhokwe amadziwa kuti ntchito yake ili ndi magawo: pali opakira kumunda, pali ngolo ndi ng'ombe zake, pali msewu ndi kamlatho kake, ndiponso pali otsitsa pakhomo. Ng'ombe zingakhale zamphamvu chotani, ngati pa kamlatho pamadutsa ngolo imodzi pa ola, chimanga chidzafika pa liwiro la kamlathoko. Kugula ng'ombe zina kungangotalikitsa mzere wa ngolo zodikira patsidya.

Fayilo nayo imayamba kuwerengedwa pa disiki ya kompyuta yotumiza. Kenaka pulogalamu imaidula m'timapaketi ndi kutipereka kwa kachipangizo ka netiweki ka m'kompyutamo. Timapaketito timayenda pa chingwe kapena mumlengalenga kufika pa rauta, timachoka pa rauta kupita ku kompyuta yolandira, ndipo kumeneko timalumikizidwanso ndi kulembedwa pa disiki ina. Pena paliponse mwa malo amenewa pakhoza kukhala kamlatho. Ntchito ya wofufuza ndi kukapeza, ndipo kawirikawiri kamabisala pa malo anayi: pa chingwe, pa Wi-Fi, pa disiki, ndi pa mtundu wa mafayilo eni ake pamodzi ndi mapulogalamu owasamutsa.

Chingwe ndi timawaya take 8

Njira yolumikizira makompyuta ndi chingwe, yotchedwa Ethernet, idayambika mu 1973 ku Xerox PARC, mumzinda wa Palo Alto ku California, pa ntchito ya Robert Metcalfe ndi David Boggs, ndipo poyambapo inkayenda pafupifupi 3 Mbps. Mu 1995 kudabwera ya 100 Mbps, ndipo mu 1999 kudabwera ya gigabiti yoyenda pa timawaya ta mkuwa. Kamutu ka pulasitiki ka kumapeto kwa chingwe ndi kofanana pa mitundu iwiri yomalizayi, kotero diso lokha silingaisiyanitse.

M'kati mwa chingwe muli timawaya 8 topotana tiwiritiwiri. Liwiro la 100 Mbps limagwiritsa ntchito timawaya 4 tokha, koma la gigabiti limafuna tonse 8. Apa ndipo pagona chinsinsi cha mavuto ambiri. Kamodzi mwa timawaya 4 towonjezerato kakaduka, kaya chifukwa cha kupanidwa ndi chitseko, kulumidwa ndi khoswe, kapena kusamangidwa bwino pa kamutu, chingwe sichifa ayi. Zipangizo ziwirizo zimangogwirizana mwakachetechete kutsika pa 100 Mbps, osauza munthu. Intaneti imaoneka ngati ili bwino, pakuti makomo ambiri salandira liwiro loposa pamenepo kuchokera kunja, koma fayilo ya m'nyumba imachedwa kakhumi.

Chizindikiro cha vuto limeneli ndi liwiro lokhazikika pa 11 MB/s, osakwera, osatsika. Woona nambala imeneyi atsegule gawo la Settings pa Windows, pansi pa Network & Internet, ndi kuyang'ana mzere wa Link speed. Pakalembedwa 100 m'malo mwa 1000, ayese chingwe china chachifupi chimene m'mbali mwake mudadindidwa Cat5e kapena Cat6. Ngati sizisintha, asamutse chingwe kupita pa bowo lina la rauta, pakuti mabowo amenewa, amene amisiri amawatcha mapoti, amatha kuwonongeka imodziimodzi. Zikakanikabe, awerenge zolembedwa pa rauta ndi pa bokosi lake. Mawu akuti 10/100 kapena Fast Ethernet amatanthauza kuti mapoti ake sangapitirire 100 Mbps, ngakhale atalowetsamo chingwe chodula chotani. Marauta ambiri otsika mtengo, amene pa bokosi pali manambala aakulu a Wi-Fi, ali ndi mapoti otere. Kabokosi kakale kogawira zingwe, kotchedwa switch, kakakhala pakati panjira nako kamachita chimodzimodzi.

Pali zinanso ziwiri zoyenera kukumbukira. Chingwe chimodzi sichiyenera kutalika kupitirira mamita 100. Ndiponso zingwe zina zotsika mtengo zili ndi timawaya ta aluminiyamu tongokutidwa mkuwa pamwamba, zimene zimalembedwa CCA. Zimenezi zimathyoka msanga ndipo zimafooka pa mtunda wautali.

Wi-Fi nayo ndi wailesi

Omvera sangavutike kumvetsa Wi-Fi, pakuti nayo ndi wailesi, yongosiyana mafunde. Masiteshoni a FM amaulutsa pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, pa mafunde otalika pafupifupi mamita 3. Wi-Fi imaulutsa pa 2.4 GHz, ndiko kuti 2,400 MHz, pa mafunde a masentimita 12 ndi theka, ndiponso pa 5 GHz, pa mafunde a masentimita 6. Zipangizo zina zatsopano zimafikanso pa 6 GHz. Mphamvu yake ndi yochepa zedi poyerekeza ndi ya siteshoni, n'chifukwa chake khoma la njerwa zootcha, konkire yokhala ndi zitsulo m'kati, malata, firiji ndi thanki ya madzi zimaifooketsa. Chipangizo chikatalikira, icho ndi rauta zimachepetsa liwiro lolankhulirana, monga momwe anthu awiri ofuulirana patsidya la dambo amatchulira mawu amodziamodzi kuti amvane.

Mafunde a 2.4 GHz amafika patali ndipo amapyola makoma bwinoko, koma pamenepo pali piringupiringu. Bluetooth ili pomwepo, mauvuni a microwave amatulutsa phokoso pomwepo, ndiponso marauta a anansi onse ali pomwepo. Malo amenewa adagawidwa m'matchanelo otalikirana ndi 5 MHz okha pomwe kuulutsa kumodzi kumadya 20 MHz, kotero matchanelo oyandikana amalowererana monga masiteshoni awiri omveka pamodzi usiku. Osalowererana ndi atatu: 1, 6 ndi 11. Mafunde a 5 GHz ali ndi malo otakasuka ndi liwiro lalikulu, koma amatha msanga akakumana ndi makoma awiri kapena atatu.

Lamulo lalikulu la Wi-Fi n'lakuti pa tchanelo chimodzi zipangizo zimalankhula mosinthana, monga pabwalo la milandu pamene wina akaimirira ena onse amakhala chete. Lamulo limeneli lili ndi zotsatira zitatu. Choyamba, liwiro lenileni limakhala theka kapena kupitirira pang'ono la nambala imene kompyuta imaonetsa, pakuti nthawi ina imatha podikirana ndi poyankhana. Chachiwiri, makompyuta onse awiri akakhala pa Wi-Fi imodzi, kapaketi kalikonse kamadutsa mumlengalenga kawiri, kupita ku rauta ndi kuchokera ku rauta, ndipo liwiro limagawikanso pawiri. Kachipangizo kowonjezera mtunda wa Wi-Fi, kamene kamamva ndi kubwereza pa tchanelo chomwecho, nako kamadula liwiro motero. Chachitatu, chipangizo chakale kapena chakutali chimatenga nthawi yaitali kunena zochepa, ndipo monga mboni yochedwa kulongosola, chimadikiritsa bwalo lonse.

Wi-Fi ili ndi mibadwo. Wa 802.11g udabwera mu 2003 ndi liwiro la 54 Mbps, wa 802.11n, umene tsopano umatchedwa Wi-Fi 4, mu 2009, wa 802.11ac, kapena Wi-Fi 5, mu 2013. Ndipo Wi-Fi 6 idayamba kufala mu 2019. Zipangizo ziwiri zosiyana mibadwo zimalankhulana m'chinenero cha chakalecho. Foni kapena laputopu yotsika mtengo, ya eriyo imodzi pa 2.4 GHz, imalumikizana pa 72 Mbps, zimene zimapereka pafupifupi 5 MB/s, ndipo zonse ziwiri zikakhala zotero fayilo imayenda pa 2 kapena 3 MB/s. Rauta yatsopano singasinthe zimenezi. Timarauta tambiri ta m'thumba tolowa simu khadi natonso timagwira 2.4 GHz yokha. Ntchito yake ndi kubweretsa intaneti, ndipo kusamutsa mafayilo aakulu kumatipitirira msinkhu.

Manambala a pa bokosi nawo amafuna diso lochenjera. Rauta yolembedwa AC1200 idangophatikiza 300 Mbps ya pa 2.4 GHz ndi 867 Mbps ya pa 5 GHz, pomwe chipangizo cha mbadwo umenewu chimagwira mbali imodzi yokha pa nthawi. Ndiponso rauta ikasiyidwa pa maloko akale otetezera, otchedwa WEP kapena TKIP, liwiro limamangidwa pa 54 Mbps. Loko woyenera ndi WPA2 wa AES, kapena WPA3.

Zothandiza zake zambiri n'zaulere. Rauta ichoke m'kabati ndi kuseri kwa wailesi yakanema, ikhale pakati pa nyumba, pamalo okwera ndi oonekera. Zipangizo zapafupi zisamukire pa 5 GHz. Ndipo koposa zonse, imodzi mwa makompyuta awiriwo, makamaka imene sisuntha, ilumikizidwe ndi chingwe, pakuti potero ulendo wachiwiri wa mumlengalenga umatheratu.

Disiki ndi mapoti a USB

Nthawi zina msewu umakhala wabwino koma opakira ndi otsitsa ndiwo aulesi. Disiki yachikale ili ndi mbale zozungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi, ndi kamkono koyendayenda pamwamba pake monga ka galamafoni. Ikakhala yamoyo imawerenga fayilo yaikulu pa liwiro la pakati pa 100 ndi 200 MB/s. Disiki ya SSD, yopanda chozungulira m'kati, imafika pafupifupi 500 MB/s ndipo mitundu ina imaposa apo kwambiri. Koma maflashi ambiri otsika mtengo amalemba pa liwiro losafika 10 MB/s, ndipo palibe netiweki imene ingawathamangitse.

Disiki yakunja imadaliranso poti imene yalowetsedwapo. USB 2.0, ya mu 2000, imalembedwa 480 Mbps koma imapereka pakati pa 30 ndi 40 MB/s. USB 3.0, ya mu 2008, imalembedwa 5,000 Mbps, ndipo kawirikawiri m'kati mwa poti yake muli kalilime kobiriwira ngati thambo. Liwiro likakhazikika pa 35 MB/s kapena chapomwepo, wofufuza ayang'ane poti ndi kachingwe ka disikiyo asadakhudze rauta. Disiki yolowetsedwa pa rauta penipeni imatha kuchedwanso kwambiri, pakuti ubongo wa marauta ang'onoang'ono sudapangidwire ntchito yolemera yotere. Kampani ya Intel idaonetsanso mu 2012 kuti USB 3.0 imatulutsa phokoso losokoneza 2.4 GHz, kotero disiki yotere isaikidwe pafupi ndi eriyo.

Kayendedwe ka nambala nako kamalankhula. Kusamuka kukayamba mothamanga kenaka n'kugwa mwadzidzidzi, ndiye kuti kankhokwe kosungirako pang'ono kadzaza, ndipo liwiro lachiwirilo ndilo liwiro lenileni la disiki yolandira. Koma liwiro likamagwa kufika pa ziro, n'kudzukanso, disiki ikumveka kugogoda m'kati, pamenepo nkhani yasintha. Disikiyo ikhoza kukhala ikufa, ndipo chofunika mwamsanga ndi kukopera zonse zamtengo wapatali pamalo ena tsiku lomwelo, pakuti kanema wa ukwati sajambulidwa kawiri.

Timafayilo tating'ono ndi mapulogalamu

Kanema mmodzi wa gigabayiti imodzi ndi timafayilo 10,000 tolemera gigabayiti yomweyo siziyenda mofanana. Fayilo iliyonse imayenera kutsegulidwa, kupatsidwa dzina ndi malo, kufunsiridwa chilolezo ndi kutsekedwa, ndipo pa chilichonse makompyuta awiriwo amafunsana ndi kuyankhana. Pamsika wa zokolola thumba limodzi la makilogalamu 50 limakwera pa sikelo kamodzi. Chimanga chomwecho chikabwera m'timbale 100, kalikonse kofuna kuyezedwa ndi kulemberedwa lisiti, dzuwa limalowa mzere usadathe. Mankhwala ake ndi kumanga timafayiloto m'thumba limodzi la zip tisadatumizidwe. Odziwa kulemba malamulo pa Windows akhoza kugwiritsanso ntchito pulogalamu ya Robocopy ndi chizindikiro cha /MT, chimene chimasamutsa mafayilo angapo nthawi imodzi.

Mapulogalamu ena amachedwetsa mosaonekera. Yoteteza ku mavairasi imasecha fayilo iliyonse pakhomo. Ya VPN ikhoza kukhotetsa njira kapena kutseka njira ya m'nyumba. Yosungira zithunzi pa intaneti imadya mpata wa Wi-Fi mwini wake osadziwa. Laputopu yoyendera batire imatha kuchepetsa mphamvu ya Wi-Fi yake posunga moto. Ndipo zipangizo zina zakale zimangodziwa SMB1, chinenero chogawanirana mafayilo cha m'zaka za m'ma 1980, chimene chimafunsa ndi kuyankha mochulukitsa. SMB2 idabwera mu 2006 ndipo SMB3 mu 2012. SMB1 ndiyonso idali khomo limene pulogalamu yoipa ya WannaCry idalowerapo m'makompyuta a maiko ambiri mu Meyi 2017, kotero kuisiya kumapindulitsa pa liwiro ndi pa chitetezo pomwe.

Ndondomeko ya kufufuza

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wofufuza wabwino amatenga kope ndi pensulo, amasintha chinthu chimodzi pa nthawi, amayezanso, ndi kulemba chimene wapeza. Wosintha chingwe, tchanelo ndi malo a rauta nthawi imodzi sadzadziwa chimene chathandiza, ndipo vuto likadzabweranso adzayambira pomwe paja.

Poyamba asankhe fayilo imodzi yaikulu, ya magigabayiti 2 kapena kuposa, aitumize, ndi kulemba nambala imene liwiro lakhazikikapo, osati ya masekondi oyambirira.

Kachiwiri ayeze msewu pawokha, popanda disiki. Pali pulogalamu yaulere yotchedwa iperf3, imene imasamalidwa ndi bungwe la ESnet la ku Lawrence Berkeley National Laboratory ku America. Pa kompyuta imodzi amalemba iperf3 -s, ndipo pa inzake amalemba iperf3 -c motsatana ndi adiresi ya yoyambayo, imene imaoneka monga 192.168.1.20. Kwa masekondi 10 makompyuta awiriwo amaponyerana uthenga wopanda pake umene sukhudza disiki, kenaka amanena liwiro. Gigabiti yabwino imaonetsa pafupifupi 940 Mbps. Nambala ya 94 Mbps imaulula msewu wa 100 Mbps. Muyeso umenewu ndiwo umagawa mlandu pakati. Ukakhala wokwera pomwe mafayilo akuchedwa, vuto lili pa disiki kapena pa mapulogalamu. Ukakhala wotsika, vuto lili pa chingwe, pa Wi-Fi kapena pa rauta.

Kachitatu, ngati vuto lili pa msewu, alumikize makompyuta onse awiri ndi zingwe zazifupi pafupi ndi rauta ndi kuyeza. Kenaka achotse chingwe chimodzi, laputopu ikhale pa Wi-Fi chipinda chomwecho, ayezenso. Pomaliza aibwezere pamalo ake a masiku onse. Pamene nambala yagwera, kamlatho kali pomwepo.

Kachinayi, ngati vuto lili pa disiki, akopere fayilo yomweyo kuchokera pa disikiyo kupita pa ina yolumikizidwa ku kompyuta yomweyo, netiweki osaikhudza. Ikachedwabe, netiweki yapezeka yosalakwa.

Chogula ndi chosagula

Kufufuza kukatha, kawirikawiri zimapezeka kuti chofunika ndi chaching'ono: chingwe chatsopano cha mamita ochepa, kusuntha rauta kuchoka m'kabati, kapena kulowetsa disiki pa poti yoyenera. Rauta yatsopano ndi yoyenera pokhapokha zitatsimikizika kuti mapoti a yakaleyo ndi a 10/100, kapena kuti ilibe 5 GHz pomwe zipangizo za m'nyumba zimaidziwa. Pogulapo munthu afunse za mapoti a gigabiti, asakopeke ndi kuchuluka kwa nyanga kapena kukula kwa nambala ya pa bokosi. Ngati Wi-Fi ya rauta ili bwino ndipo vuto ndi mapoti okha, switch ya gigabiti, imene mtengo wake ndi wochepa, imakwanira kufulumizitsa makompyuta onse olumikizidwa pa iyo ndi zingwe.

Palinso nthawi zimene netiweki siyenera kuvutitsidwa konse. Wosamutsa magigabayiti mazana angapo kamodzi kokha, monga pochoka pa kompyuta yakale kupita pa yatsopano, akhoza kungokopera zonse pa disiki ya SSD ya USB 3.0, kuinyamula m'manja kudutsa pabalaza, ndi kukailowetsa kuchipinda. Njira imeneyi ikhoza kuposa ngakhale chingwe cha gigabiti, ndipo ntchito ikatha m'nyumbamo mumatsala kope lachiwiri la zonse, limene lidzathandiza tsiku limene disiki ina idzatope.